Chaka Chimene Agogo Ankaopa Kusafa

Nditamaliza mayeso a Folomu 4 ndinabwerera kumudzi kwathu, kwa Wimbe, ndi katundu wochepa: zovala, bulangete, ndi buku limodzi lachingerezi lopanda chikuto. Bukulo linali pa mulu wa mabuku ong'ambika amene anawaunjika kunja kwa laibulale ya sukulu kuti wofuna atole. Anzanga ankatola a mapepala akuluakulu oti akakutire makope a abale awo. Ine ndinatola limenelo chifukwa munali zithunzi za bwato. Linali buku la ana, ndipo sindinkalitenga ngati kanthu.

Ndinapeza agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, ali gone. Anali atagwa pokonza denga la chigafa, ntchito imene aliyense anawaletsa, ndipo kuchokera tsiku limenelo chiuno chinakana. Zaka zawo palibe ankazidziwa, ngakhale eni akewo. Chaka chimenecho, pa kalembera wa makuponi a feteleza, mlembi anawafunsa chaka chobadwa, iwo n'kumuyankha kuti, "Ingolembani kuti ndinalipo kale."

Anthu anaseka, koma sikuti onse ankaseka ndi mtima umodzi. Agogo anali ataika m'manda akazi awo, abale awo onse, ndi anzawo onse amene anaweta nawo mbuzi. Zaka za matenda aja amene anapululutsa achinyamata, anaikanso ana awo motsatizana, mpaka panatsala awiri okha: mayi anga ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono. Pa mjigo, ndikafika ndi ndowa, nkhani inkaduka mwadzidzidzi. Komabe mawu amodzi ndinkawamva nthawi zonse: anakhwima. Ankatanthauza kuti agogo anadya mankhwala oti asafe, ndipo imfa ikabwera pakhomo pathu inkawalambalala n'kutenga wina.

Mvula itagwa tinaokera fodya, tinathira feteleza wa kuponi ija, ndipo pofika Januwale masamba a m'munsi anayamba kupsa. Mayi ndi amalume ankalawirira kukathyola. Ntchito yanga inali kusoka: kukhala m'chigafa ndi singano yaitali, kutunga masamba n'kumawapachika pa mikangala kuti aume. Agogo ankadana ndi kutsala okha m'nyumba, choncho m'mawa uliwonse amalume ankawanyamula ngati mwana n'kuwagoneka pa mphasa pafupi ndi ine. Ankandiona ndikusoka n'kumandidzudzula kuti ndikuthithikiza masamba. Ankanditchula kuti mkazi wanga, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo, ndipo ine ndinkawaopseza kuti ndiwasiya ndikapeze mwamuna wa njinga yamoto.

Masana ndikapuma ndinkatsegula buku lija. Manja anga ankakhala akuda ndi utomoni wa fodya, moti tsamba lililonse limene ndinawerenga linatsala ndi chidindo cha chala. Tsiku lina agogo anandiitana kangapo osawamva.

"Mkazi wanga, kodi muli mwamuna wina m'mapepalamo?"

"Ayi agogo, ndi nthano chabe. Ya ana."

"Nanenso ndine mwana, si ukuona akundinyamula? Tandiuza."

Ndinayamba kuwamasulira, chiganizo ndi chiganizo, kwinaku ndikudumpha mawu amene sindinkawadziwa. Nkhaniyo inali ya ana awiri, mtsikana ndi mlongo wake, amene bwato lawo linatengedwa ndi mphepo mpaka kukafika pa chilumba china. Pa chilumbapo anthu sankafa. Sankadwala, sankakalamba kupitirira pamene anafikira, koma sikunkabadwanso mwana. Mitengo inkachita maluwa chaka chonse, osabala chipatso.

"Nanga amadya chiyani?" anafunsa agogo.

"Samva njala."

"Salima?"

"Ayi."

"Ndiye m'mawa amadzukiranji?"

Funso limenelo m'bukumo munalibe. Ndinawauza kuti asamavutike nazo, ndi nkhani yongopeka. Iwo anapukusa mutu. Anati munthu sangawononge mapepala onsewo pa chinthu chimene sanachimvepo kwa wina. Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likafika paliwombo ankandikumbutsa okha. "Tiye kuchilumba kuja," ankatero. Amalume akabwera ndi mtolo wa masamba ankatipeza tikukangana za anthu amene kulibe, ngati kuti ndi anansi athu.

M'nkhanimo munali mayi wina wokalamba amene tsiku lililonse ankakhala m'mbali mwa madzi n'kumayang'ana kutsidya. Ana ake anatsala kumtunda kalekale, ndipo iye ankadziwa kuti onse anafa, adzukulu awonso anafa, moti kutsidyako kunalibe munthu wodziwa dzina lake. Ana awiri aja atakonza bwato lawo kuti azibwerera kwawo, mayiyo anawagwira mkono n'kuwapempha kuti amutenge. Anthu a pa chilumba anamuchenjeza kuti akangoponda mtunda adzayamba kufa. Iye anati akudziwa.

Nditafika pamenepo agogo anakweza dzanja.

"Tseka."

"Kwatsala pang'ono agogo, tingomaliza."

"Ndati tseka. Sendera kuno."

Anamasula mabatani a malaya awo. Pa chifuwa, pansi pa fupa la khosi, panali timizere takuda tondondozana, mbali zonse ziwiri. Ndinali nditationapo kale timizereto powasintha malaya, koma ndinkangoti ndi mphini wamba, monga ali nazo akuluakulu ambiri.

Anandiuza kuti ali mnyamata anapita ku Joni kukagwira ntchito mu mgodi. Usiku woyamba asanalowe pansi anachita mantha kwambiri, moti mnzawo wina anawatengera kwa munthu wodziwa zitsamba amene ankakhala nawo pa komponi. Munthuyo anawatema mphinizo n'kupakamo phulusa lakuda, ndipo anawauza kuti mwala sudzawapha, chitsulo sichidzawapha, madzi sadzawapha. Chaka chachiwiri mgodi unagumuka. Pa gulu lawo anatuluka okha, atangosupuka pa bondo.

"Nthawi imeneyo ndinkavina," anatero. "Ndinkati ndagula chinthu chabwino pa mtengo wotsika. Sindinafunse kuti nanga ndikadzatopa chidzandichotse n'chiyani. Mwana safunsa zimenezo."

"Agogo, inu mumapemphera. Mumakhulupirira zimenezi?"

"Ndinaika ana anga angati, iwe? Unalipo. Ndinagwa kuchokera pa denga ili, ndafa? Anthu a pa mjigo amanena zoona, kungoti amaganiza kuti ine ndimakondwera nazo."

Anandipempha kuti ndiuze mayi apeze munthu woti adzasukulutse mankhwalawo. Madzulo ake tikutsuka mbale ndinawauza. Mayi anali a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo bulauzi yawo yoyera inkakhala yosita nthawi zonse. Anaika mbale pansi mwakachetechete.

"Ndiye tiitane sing'anga pakhomo pano, mudzi wonse uone? Zaka zonsezi ndakhala ndikuyankha anthu kuti bambo anga si mfiti. Lero ndivomereze ndekha?"

"Koma akuvutika mumtima, amayi."

"Akuvutika chifukwa cha nthano zako. Buku limenelo ndisalionenso m'chigafa."

Ndinalibisa pansi pa chikwama changa. Agogo sanalifunsenso, ndipo sanandidzudzulenso za kasokedwe. Ankangogona chagada n'kumayang'ana fodya amene ankasanduka wofiirira pamwamba pawo.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, mayi anabwerako kumunda asanamalize mzere, akuti mutu. Pofika mawa lake thupi linali moto, akulankhula zosamveka, akuitana azichemwali awo amene anamwalira. Amalume anabwereka ngolo, tinayala matiresi, ndipo anawatengera kuchipatala. Ine ndinatsala kuti ndisamale agogo. Ngolo ikutuluka pabwalo, agogo anali pakhonde pamene tinawakhazika. Sindinawamvepo akulira chiyambire, ngakhale pa maliro a ana awo. Tsiku limenelo anakuwa mpaka anthu a nyumba zoyandikana anatuluka.

"Ndine! Ndine ndikumupha mwanayu! Yabweranso, yandilambalalanso!"

Anakana phala. Anakana madzi. Ndikawayandikizira supuni ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Anati ngati mankhwala sakuwalola kufa ndi njala, tione. Tsiku lotsatira milomo yawo inali itang'ambika, koma maso ali gwa.

Amalume atabwera kudzatenga ufa ndi nkhuni zoti akaphikire kuchipatala, anati madokotala apeza malungo aakulu ndipo mayi awaika diripi. Ndinawakokera kuseri kwa nkhokwe n'kuwafotokozera zonse. Amalume sanali munthu wa mawu ambiri. Anakanda m'mutu, kenako anati pa esiteti ya kutsidya kwa dambo pali tenanti wina wachikulire wochokera ku Phalombe, amene anthu amapitako akalumidwa ndi njoka kapena akadwala m'mimba.

"Achemwali akadzamva adzatikalipira tonse awiri," anatero. "Koma akalipire ali moyo, bambonso ali moyo."

Ndinapita ndekha, kudutsa dambo madzi akufika m'mawondo. Ndinamupeza mkuluyo m'chigafa cha bwana wake, akusoka fodya limodzi ndi mkazi wake ndi ana. Anali wamfupi, wa imvi, malaya ake ali zigamba zokhazokha. Atamva nkhani yanga anakana. Anati iye si sing'anga, amangodziwa mizu ingapo imene anamuonetsa bambo ake, ndipo za kukhwima sazidziwa n'komwe. Ndinagwada pamenepo, pa zinyalala za fodya. Mkazi wake ndiye anamuuza kuti, "Pitani mukangowaona. Kuona munthu sikufuna mankhwala."

Tinafika dzuwa litapendeka. Mkuluyo anakhala pansi pafupi ndi mphasa, anaomba m'manja n'kupereka moni mwaulemu, Chichewa chake chikumveka cha kummwera. Agogo anamuyang'ana kwa nthawi, kenako anatsegula malaya. Mkuluyo anawerama, anayendetsa chala pa timizere tija. Atatero anatsegula malaya akenso. Pa chifuwa chake panali timizere tofanana, malo omwewo.

"Achikulire, ine kuchotsa sindidziwa, ndisakunamizeni. Izi ananditema ndi bambo anga. Iwonso anali nazo, anazitenga ku mgodi ngati inu. Ankanena mawu omwewo, mwala, chitsulo, madzi."

"Ali kuti bambo akowo?"

"Tinaika kalekale. Chifuwa. Anatsokomola miyezi iwiri basi."

Agogo anafunsa, mawu akutuluka movutikira chifukwa cha kuuma kukhosi: "Anachita kuwasukulutsa?"

"Ayi. Palibe anachita kanthu. Ine ndimaona ngati zinthu izi zimatha mphamvu zokha. Feteleza amene munathira chaka chatha, chaka chino alimo m'munda? Mvula inatsuka. Nanga inu mwasamba kangati chichokereni ku Joni?"

Agogo anatulutsa kamawu kamene poyamba ndinkayesa kutsokomola. Kunali kuseka. Anaseka mpaka misozi, mkulu uja nayenso akuseka, ine ndili chiimire ndi kapu ya madzi. Atatha anatambasula dzanja n'kulandira kapuyo. Anamwa yonse. Awiriwo anacheza mpaka kunja kunayamba kuzizira, za migodi, za mitengo ya fodya ku okushoni, za mapiri a kwawo kwa mlendoyo amene anali asanawaone zaka zambiri. Pochoka ndinafuna kumugwirira nkhuku, koma anakana. Anangopempha masamba a nkhwani, ndipo ndinamuthyolera.

Sindikudziwa ngati mkuluyo ankakhulupirira zimene ananenazo, kapena anangoona munthu amene akufunika kumva mawu otero. Sindinamufunse. Nyengo ya fodya itatha anasamukira ku esiteti ina, monga amachitira matenanti, ndipo sindinamuonenso.

Mayi anatuluka m'chipatala ataonda, akuyenda mogwira khoma. Atalowa m'nyumba agogo anawagwira dzanja osafuna kulisiya. Nkhani ya mlendo uja inawapeza mayi tsiku lomwelo, chifukwa pamudzi palibe chobisika. Ndinadikira mkuntho. Mayi anangondiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati agogo akudya. Ndinati akudya. Anati, "Chabwino," ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka lero.

Chimene sindinayembekezere ndi chimene chinatsatira. Ndinkaganiza kuti agogo akakhulupirira kuti angathe kufa, mtima wawo ukhala pansi. M'malo mwake anayamba kuchita mantha. Munthu amene kwa zaka zambiri ankakwera madenga osaopa kanthu anayamba kufunsa ngati madzi akumwa tawaphitsa. Akatsokomola kamodzi ankandiitana kuti ndimve ngati thupi latentha. Anafuna neti ya udzudzu, imene kale ankati ndi ya nsomba.

"Agogo, si inu munkafuna kufa?" ndinawaseka tsiku lina.

"Ndinkafuna kuti zitheke. Sindinati mawa."

Anayambanso kufuna zinthu. Anafuna chimanga chachiwisi chootcha, ngakhale analibe mano oti atafunire, ndipo ankangochiyamwa. Anafuna kuti amalume awakweze pa njinga, awayendetse pang'onopang'ono mpaka kumunda kuti akaone mtedza. Anaitanitsa mbusa kuti adzawapatse mgonero, ndipo atatha mapemphero anamufunsa mafunso ambiri moti mbusayo anachedwa ku msonkhano wina. Ana a malemu azichemwali a mayi, amene ankaopa agogo chifukwa cha zonena za anthu, anawaitana mmodzimmodzi n'kumawauza mmene amayi awo analili ali aang'ono: uyu ankaba shuga, uyu ankaopa achule. Ena mwa anawo aka kanali koyamba kumva nkhani yoseketsa yokhudza amayi awo.

Zotsatira za mayeso zinatuluka, ndinakhoza, ndipo ndinayamba kudikira kuti mwina anditenga ku maphunziro a uphunzitsi. Fodya anauma. Tinayamba kusankha masamba, kumanga ndindi, n'kudikira jeke yobwereka kuti tidinde mabelo. M'mawa kunayamba kuzizira, mphepo ikuwomba kuchokera kuthengo kopanda mitengo. Tsiku lina tikusankha fodya, mayi ali pomwepo, agogo anati:

"Mkazi wanga, mayi uja anakwera bwato?"

Ndinayang'ana mayi. Iwo sanadzutse mutu, anangoti, "Kalitenge bukulo."

Ndinawerenga masamba otsalawo onse tsiku limenelo. Ana aja anamutenga mayi wokalambayo. Atafika kumtunda anamva njala koyamba patapita zaka zosawerengeka, ndipo analira ndi chimwemwe atadya chipatso chakupsa. Anakhala kwa makolo a anawo nyengo imodzi ya mvula, akulera kamwana ka m'nyumbamo. Kenako anadwala n'kumwalira, ndipo mtsikana uja anakwiya kwambiri, anati akanadziwa sakanamutenga. Bukulo linathera pamene mtsikanayo, mkwiyo utachepa, anakwera phiri n'kuyang'ana kunyanja, koma chilumbacho sanachione.

"Anamuika ndani?" anafunsa agogo.

"Ana aja ndi anthu a m'mudzimo."

"Alendo."

"Inde, koma ankamukonda."

Anaganiza pang'ono. "Ndiye zinayenda bwino. Koma wolembayo ndi woumira. Nyengo imodzi yokha? Akanamupatsako ziwiri."

Mayi anaseka, koyamba chituluke m'chipatala.

Agogo sanapatsidwe ngakhale nyengo imodzi yathunthu. Mu Juni anagwidwa ndi chifuwa. Tinawatengera kuchipatala, anawapatsa mankhwala, koma patapita masiku anapempha kuti abwerere kunyumba, ndipo adokotala sanakane. Mantha aja anali akubwera n'kumapita. Tsiku lina ankandigwira mkono mwamphamvu n'kunena kuti ndisachoke, tsiku lina ankandithamangitsa kuti ndikathandize amalume pa jeke. Sindinganene kuti anafa mokondwa, chifukwa kupuma kunkawavuta ndipo zinkawapweteka. Koma sanafunsenso ngati zitheke. Anamwalira masana, dzuwa likuwala, mayi atawatsamiritsa pa chifuwa chawo, amalume atakhala pakhomo manja ali akuda ndi fodya.

Pa maliro panabwera anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Amayi a pa mjigo aja ndiwo anatunga madzi ndi kuphika, ndipo ena analira ndithu. Sindinawasungire mangawa. Nawonso anali ataika ana awo zaka zomwezo, ndipo munthu amene waika mwana amafuna pena poloza chala.

Titabwerako kumanda ndinapeza mayi atakhala kuseri kwa nyumba okha, atavula duku. Ndinakhala pambali pawo. Tinkamva phokoso la mbale ndi anthu akutsanzikana pabwalo.

"Ndine wamasiye tsopano," anatero, ngati akuyesa mawuwo kuti amve mmene akumvekera. "Ndi imvi zangazi."

Ndinawagwira dzanja.

"Ukudziwa," anapitiriza, "maliro onse amene tachita pakhomo pano, bambo ndiwo ankatsogola kukaonetsa malo okumba. Lero ndaonetsa ndine. Awa okha ndi amene abwera m'dongosolo lake." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anamanganso duku, n'kudzuka. "Tiye, alendo a kutali sanadye."